Mtengo wa a Gracian

Chaka chimenecho mvula inawakana anthu a ku Manassas, tauni ya kutsidya kwa nyanja. Kuyambira mu Juni kumwamba kunangoti mbee, kapinga wa m'makomo anapsa, ndipo pawailesi ankapempha anthu kuti asamaseweretse madzi. Emelda anamvera, pakuti sanali munthu wolimbana ndi boma la eni ake. Paipi yothirira anaipinda n'kuiponya pakona. Koma madzi osamba, otsukira mbale, ngakhale otsukira mpunga, sankataya. Ankawasonkhanitsa m'ndowa, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankanyamula ndowazo kupita kuseri kwa nyumba, kukathira patsinde pa mtengo.

Mtengowo unali wa mtundu umene kumeneko amautcha ashi, wautali kuposa denga, wa khungwa lamizeremizere. Unali kudwala. Masamba a kunsonga anali atayoyoka, nthambi zam'mwamba zitauma gwa, pamene m'munsi mwa thunthu munkaphuka tinthambi tambirimbiri tothinana. Emelda ankati ndi ludzu basi, mvula ikabwera uchira.

Kwa odutsa mumsewu unali mtengo chabe, koma kwa Emelda anali manda. Mwamuna wake, a Gracian, anamwalira zaka zitatu m'mbuyomo, mtima utangoima ali kuntchito. Amalawi anasonkherana, thupi linakwera ndege kupita kwawo ku Ntcheu, koma iye sanakwere nawo. Mapepala ake anali asanalongosoke, ndipo loya anamuuza mosapsatira kuti akatuluka m'dzikomo asayembekezere kulowanso. Mwana wawo Justina ndiye anaperekeza bambo ake. Emelda anaonera mwambo wonse pafoni atakhala pansi pa mtengo umenewu, chithunzi chikudukaduka, ndipo pamanda enieniwo anali asanapondepo. Tsono poti munthu sangakhale wopanda pokalirira, anasankha pamene a Gracian ankakonda kukhala akaweruka. Ankasesapo, kuzulapo udzu, ndipo nkhani zonse za pakhomo ankadzazinenera pamenepo mokweza, kaya ndi za denga lodontha, kaya ndi za Justina amene sankafuna kumva za ukwati.

A Gracian ankagwira ntchito ku kampani yosamalira mitengo. Pamene ankalowa m'nyumbayi, msewu wonse unali ndi mitengo ya ashi uku ndi uku, koma inayamba kufa umodziumodzi, magalimoto amakina n'kumabwera kudzaidula. Wawo wokha ndiwo unatsala. Zaka zina, chisanu chikangotha, bamboyo ankagwada patsinde, kuboola timabowo, n'kulumikiza timapaipi ta mankhwala. Emelda, amene ntchito yake inali yosamalira nkhalamba m'nyumba zawo, ankawaseka kuti atsegula chipatala cha mitengo. Iwo ankangomwetulira. Sanali munthu wofotokoza. Amuna ambiri ali choncho, amayesa adzakhalapo mpaka kalekale, ndiye zinthu zofunika amazisunga m'mutu. Emelda ankaganiza kuti jekeseniyo ndi feteleza wa azungu, ndipo kuti mtengowo unakhuta kale.

Poona kuti madzi sakuphula kanthu, anayamba mankhwala akumudzi. Anakumbuka kuti kwawo chiswe amachithamangitsa ndi phulusa, ndiye anakokolola phulusa lonse la m'mbaula yootchera nyama n'kuliwaza kuzungulira tsinde. Anagula laimu n'kupaka thunthu mpaka m'chiuno, monga amachitira pasukulu kukamabwera alendo. Anaundira dothi ngati akuundira nthochi. Mtengo unaoneka waukhondo ndithu, koma masamba anapitiriza kugwa. Mbalame zogogoda mitengo zinachuluka, zikumasenda khungwa kuyambira m'mawa, moti thunthu linasanduka la mawangamawanga. Emelda ankazigenda ndi timiyala. Sankadziwa kuti mbalamezo zinkatsata chakudya chimene chinali m'kati.

Lamulungu lina mu Ogasiti, masana, popanda ndi kamphepo komwe, nthambi yaikulu inathyoka. Inadutsa pamwamba pa mpanda n'kukagwera m'bwalo la oyandikana nawo, pa kadziwe kapulasitiki kamene ana awo ankasambiramo kukatentha. Mwamwayi anawo anali atalowa kukadya. Bambo wawo, munthu wa ku El Salvador wofatsa ngati mkamwini, anabwera chipewa chili m'manja. Sanakalipe. Anangoti ana ake sawatulutsanso kubwaloko mpaka mtengowo utaonedwa, kenako anapepesa chifukwa chomuvutitsa. Akanakalipa zikanakhala bwino, Emelda akanapeza poyankhira.

Justina anafika madzulo omwewo kuchokera ku Rockville, kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Chichewa ankamva chonse, koma polankhula chinkamuthawa pakati pa chiganizo.

“Mami, it's dead. Mtengo wafa uwu.”

“Wafa ndi masamba awa?” Emelda analoza tinthambi ta m'munsi. “Chakufa chimaphuka?”

“Nanga nthambi ija ikanagwera mwana?”

“Sinagwere mwana.”

Justina anaitana kampani ina yodula mitengo. Munthu wake anabwera, anayang'ana m'mwamba kamodzi, n'kunena kuti udulidwe msanga. Emelda anamuperekeza mpaka pamsewu mwaulemu wonse, koma galimoto itangokhota anatembenukira mwana wake.

“Munthu amadyera kudula mitengo, iwe n'kumamufunsa ngati mtengo udulidwe? Sanaukhudze n'komwe.”

“Then call Uncle Bruce. Iwo sangakunamizeni. Adadi ankati palibe wodziwa mitengo kuposa iwo.”

Dzina limenelo linali lisanatchulidwe pakhomopo kwa nthawi yaitali, ndipo Justina ankadziwa chifukwa chake.

A Bruce Malama anali Mzambia wa ku Lusaka, mnzawo wa a Gracian wa kuntchito. Wina akakwera mumtengo, winayo ndiye ankagwira chingwe. Pakhomopo ankalowa popanda odi, n'kutsegula okha firiji. Maliro atachitika, masiku odikira kuti thupi linyamuke, azibambo ankasonkhana kuseri kwa nyumba akuwotha moto monga mwa mwambo, pakuti kunali kukuzizirabe. Nkhuni zake anabwera nazo azibambo a kutchalitchi. Wina anali ataona mulu wa zipika m'mbali mwa msewu, pali chikwangwani choti aliyense atenge. Mmalawi mungamupatse nyumba yotenthetsa ndi magetsi, koma akaona nkhuni zaulere amaimitsa galimoto. Anatuta zambiri zedi, ndipo zotsala anaziunjika motsamira thunthu la mtengo uja n'kuzivundikira ndi lona. Emelda anati zikhale pomwepo, adzakolezere moto pa chikumbutso chaka chikatha.

Patapita milungu yowerengeka, foni inabwera kuchokera ku Ntcheu. Achimwene awo a Gracian anali atatuta malata ndi simenti za nyumba imene Emelda ndi mwamuna wake ankamanga kumudzi, mbuzi n'kugawana. Kwa Emelda sizinali zachilendo. Ali mtsikana, bambo ake atamwalira, anaona abale a bambowo akunyamula njinga, wailesi, mipando, mpaka chitseko, mayi ake n'kutsala ndi mphasa. Kuyambira tsiku la foniyo ankagona makiyi ali m'thumba la chovala.

Mlungu womwewo, akuchokera kuntchito, anapeza galimoto ya a Bruce itaima kuseri kwa nyumba. Shedi, kanyumba kosungiramo zida, inali yotsegula. Nkhuni zambiri zinali kale m'galimoto, ndipo bokosi la a Gracian la zida ndi mankhwala linali panja, patsinde pa mtengo.

“Mukutani pakhomo panga, a Malama?”

“Ba mulamu, nagogoda simunaliko. Nkhuni izi zifunika kuchoka kukalibe kutentha, muli tudoyo mukati. Na mutengo uyu nthawi yake yobaya yafika.”

“Tizilombo take ndinu amene. Mnzanu sanathe ndi mwezi womwe m'manda, mwayamba kale kugawana? Lero nkhuni ndi bokosi, mawa galimoto, mkucha nyumba?”

A Bruce anayesa kufotokoza, koma munthu wokwiya makutu amakhala atawasiya kwina. Emelda anakuwa mpaka makatani a nyumba zoyandikana anayamba kugwedezeka. Anawauza kuti abwezere chikuni chilichonse pamene anachipeza, ndipo bamboyo anabwezera, chimodzichimodzi. Bokosi Emelda analowetsa yekha m'shedi n'kugula loko watsopano. Nkhaniyi anangouza mayi mmodzi wa kutchalitchi, n'kumupempha kuti asauze munthu. Pofika Lamulungu aliyense anali atamva kuti Mzambia uja amalanda katundu wa amasiye. A Bruce anapemphera nawo kangapo, anthu akuwapatsa moni wa nsonga za zala, kenako anasiya kubwera. Chikumbutso chinadzachitikira m'holo ya tchalitchi, moto sunakolezedwe, ndipo nkhunizo zinakhala pomwepo, zikufumbwa pansi pa lona.

M'kupita kwa nthawi mtima wa Emelda unazizira, ndipo anayamba kukayika ngati munthu angabe nkhuni masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto ataimika poonekera. Koma kukayika ndi kwina, kupita kukapepesa ndi kwinanso. Zaka zinadutsa. Tsopano ana a eni ake anali otsekeredwa m'nyumba chifukwa cha iye, ndipo m'dera lonselo munali munthu mmodzi yekha amene akanayang'ana mtengowo ndi maso ofuna kuuchiritsa.

Loweruka anapita ku sitolo ya Aafirika n'kugula nkhuku yolimba ija, yonga ya kumudzi. Yamoyo akanaipeza kuti? Anaikulunga m'jumbo, anavala chitenje ndi duku, n'kuyendetsa galimoto kuwoloka njanji. A Bruce ankakhala pafupi pomwepo, ulendo wosatopetsa ngakhale wapansi. Anawapeza pakhonde akunola tcheni cha makina odulira. Imvi zinali zitawamera m'ndevu.

Emelda anagwada pa simenti yotentha n'kuika jumbo patsogolo pawo.

“Alamu, ndinakulakwirani. Ndinakuipitsirani dzina pa anthu.”

A Bruce anayang'ana jumboyo nthawi yaitali.

“Nkhuku iyi ni yanga, olo ni ya mutengo?”

Emelda anafuna kunama, koma mawondo anali kale pansi.

“Ndi yanu. Koma chimene chandidzutsa ndi mtengo.”

“Nadziwa. Nimapita pa msewu wanu. Nimauona.” Anaika chonolera pansi. “Nyamukani, ba mulamu, simenti itentha. Nizabwela mailo.”

Anabweradi mawa lake m'mawa. Anazungulira mtengowo pang'onopang'ono, akuyang'ana laimu, phulusa ndi dothi loundira lija, koma sananenepo kanthu, ndipo Emelda anawathokoza mumtima. Anaika dzanja pathunthu monga ankachitira a Gracian. Kenako anatulutsa mpeni n'kuulowetsa pamng'alu. Khungwa linasendeka lokha, chibenthu chachikulu kuposa mbale. Pansi pake panali timisewu tokhotakhota, topingasana, todzaza ndi utuchi wofiirira. Panalibe malo ngakhale ang'ono amene sanadyedwe.

“Onani apa.” Analoza timabowo ting'onoting'ono pa khungwa, tophwatalala mbali imodzi. “Apa ndiye potulukila. Ni kadoyo ka girini, kang'ono monga mpunga. Kaikila mazila pa khungwa, mphutsi zingena mukati, zidya pamene papita manzi na chakudya cha mutengo. Manzi yonse yamene munali kuthila yanali kuthela pansi. Njila yokwelela inaduka.”

“Nanga tinthambi tikuphukati?”

“Pamwamba patsekeka. Manje uyesa kutulukila pansi.”

Zimenezo Emelda ankazidziwa ku ntchito yake. Anali ataonapo odwala akudzuka n'kupempha tiyi, abale n'kumaimbirana mafoni kuti agogo apeza bwino, mawa lake munthu n'kutsikira kuli chete. Komabe anathamangira ku shedi. Loko anali atachita dzimbiri ndipo anavuta kutsegula. Anakoka bokosi lija, lodzaza fumbi ndi kangaude, n'kudzaliika pa mapazi a bamboyo.

“Ili. Tengani zonse. Ubayeni lero.”

A Bruce sanaligwire.

“Munkhwala ukwela na manzi, ba mulamu. Ngati manzi siyakwela, munkhwala uzakwela bwanji? Ningabaye kuti mukondwele, koma nizankhala nakunamani.”

“Ngakhale mbali imodzi yokha? Mudule zoumazo, musiye zamoyo.”

“Zamoyo zake ni ziti?”

Onse awiri anayang'ana m'mwamba. Kumwamba kunkaoneka konse kudutsa m'nthambi.

“Tidikire mvula,” anatero Emelda. Mawu ake anatuluka ouma, ngati a munthu wokakamira pa mtengo wa malonda. “Chaka chino ndi choipa. Mitengo yonse ikuvutika. Tidikire mvula kaye.”

“Yembekezani. Koma bana ba paneba basasewele pafupi, na imwe muleke kunkhala pansi apa.”

Atachoka, Emelda anaima yekha pabwalopo. Za nkhuni bamboyo sanatchule, ngakhale kuyang'anako, ndipo kusayang'anako n'kumene kunamuvutitsa. Anavundukula lona. Zipika zinali zitafumbwa, zina zitamera bowa. Anatola chimodzi chimene chinali ndi khungwabe n'kuchisenda ndi chala. Timisewu tomwe tija, tokhotakhota, tinali pamenepo. Anatola china, chimodzimodzi. Anavundikiranso lonalo bwinobwino, n'kutsindira ndi njerwa, ngati kuti wina angabwere kudzaona.

Sanasiye kuthirira. Sanasiyenso kukhala pansi pa mtengowo, ngakhale kuti tsopano nkhani zinali zitamuthera. Ku nyumba yoyandikana nayo, ana ankasuzumira pawindo masana onse, nkhope zili pagalasi. Kamtsikana kakang'ono kankamubayibitsa. Emelda ankabayibitsanso, manyazi atamugwira. Justina ankaimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina anataya mtima n'kulankhula zimene anali atasunga.

“Mami, Daddy is not in that tree. Ine ndinaona pamene anawaika.”

“Iwe unaona,” anayankha Emelda. “Ine sindinaone.”

Justina anapepesa ndi Chichewa chathunthu, chopanda liwu limodzi la Chingerezi.

Mvula inabwera kumapeto kwa Seputembala, yamphamvu, ya masiku angapo osakata. Kapinga wa msewu wonse anadzuka, mitengo ya anthu ena inatsitsimuka, ngalande zinasefukira. Emelda ankatuluka ndi ambulera m'mawa kukayang'ana kunsonga ngati kwatuluka kanthu. Ankayang'ana mpaka khosi kuwawa. Tsiku limene dzuwa linabwerera, anapeza makungwa akuluakulu atasupuka okha n'kugwera pansi, laimu wake ali pomwepo. Thunthu linatsala lamaliseche, ndipo timisewu tija tinaonekera kuyambira pansi mpaka pamene maso ankafika. Ngakhale tinthambi ta m'munsi tinali titayamba kufota.

Anakhala pa muzu umene unatumphuka pamwamba pa dothi.

“Bambo a Justina,” anatero motsitsa, “ndalephera. Munandisiyira chinthu chamoyo, ine ndachisunga ngati katundu.”

Anadikira pang'ono, monga ankachitira nthawi zonse, kenako analowa m'nyumba n'kuimbira a Bruce.

Anabwera Lachinayi m'mawa ndi anzawo awiri, galimoto yokhala ndi mkono wokweza munthu m'mwamba, ndi makina ogaya nthambi. Anati ashi wouma sakwereka ndi chingwe, amathyoka popanda chenjezo. Justina anafuna kupempha tchuthi kuti adzakhale ndi mayi ake, koma Emelda anakana. Anavala chitenje chakuda, anamanga duku, n'kukhala pansi motsamira khoma la nyumba, miyendo atatambasula. Mmodzi wa anyamata a ntchitowo anamubweretsera mpando, iye anapukusa mutu. A Bruce anamuuza mnzawoyo m'Chingerezi kuti awasiye mayiwo, akudziwa chimene akuchita.

Anayambira kunsonga. Makina analira, nthambi yoyamba inatsika pa chingwe, ndipo itakhudza pansi inasweka zidutswazidutswa. Emelda ankazidziwa nthambizo. Iyi ndi imene inkakhula denga kukakhala mphepo, a Gracian n'kumalonjeza kuti aidulira Loweruka. Iyo ndi imene anapachikapo nyali pa phwando la Justina atamaliza sukulu. Zonse zinkalowa m'kamwa mwa makina ogaya aja n'kutuluka zili tizibenthu. Zipika za pansi pa lona nazo zinalowa momwemo. Panalibe amene anafunsa chilolezo, ndipo iye sanaletse.

Pofika masana panatsala thunthu lokha, chiimire. A Bruce anatsika, anavula chisoti, napukuta thukuta. Anayang'ana kwa Emelda ngati akudikira mawu. Iye anagwedeza mutu kamodzi. Anadula m'zigawo, chigawo chilichonse chikugwa ndi mdidi umene Emelda ankaumva m'miyendo. Chomaliza anachidulira pafupi ndi dothi.

Makina atazima, m'bwalomo munakhala bata lachilendo. Anyamata anayamba kusesa ndi kukweza zigawo m'galimoto. Emelda anadzuka movutikira, miyendo itachita dzanzi, n'kupita pa chitsa. Chinali chachikulu ngati tebulo la pabalaza. Ankayembekezera kuona mphako, zowola, mphutsi zili nyakanyaka. Koma m'kati munali moyera, molimba, mopanda banga, mukununkhira thabwa latsopano. Anapapasa ndi dzanja.

“M'katimu muli bwinobwino,” anatero.

“Sizidya mukati. Ni pansi pa khungwa chabe.”

“Ndiye unali wamphamvu.”

“Unali wamphamvu maningi.”

Dzanja la Emelda linali likadali pa chitsa. Funso linali litamukhala mumtima kuyambira tsiku limene anavundukula lona, ndipo anadziwa kuti galimoto ikachoka sadzalifunsanso.

“Alamu, tsiku lija ndinakuthamangitsani. Mukanachotsa nkhuni zija, mukanaubaya, zikanatha bwanji?”

A Bruce anayamba kupinda chingwe.

“Ba mulamu, mitengo iyi yafa dziko lonse. Mu ma paki, mu misewu, kulikonse.”

“Sindinafunse za dziko lonse.”

“Tudoyo tuuluka. Ngakhale popanda nkhuni sembe tunabwela chabe.”

“Nanga tizilomboto tikanapeza mankhwala m'kati?”

Bamboyo anasiya kupinda. Anayang'ana chitsa, anayang'ana nsapato zawo. Anali munthu amene ananyamula dzina loipa zaka zonsezi osadziteteza, ndipo Emelda anaona kuti akufunafuna bodza labwino loti amupatse. Koma bodza silinali luso lawo.

“Sembe ulipo,” anatero.

“Bwenzi ulipo,” Emelda anabwereza m'chinenero chake, kuti amve bwino.

“Ee.”

Anawathokoza. Anathokozanso anyamata aja, mmodzimmodzi, n'kuwapatsa madzi ozizira. Anaima pamsewu mpaka magalimoto atakhota pakona.

Atalowa m'khitchini anaphethira. Dzuwa la masana linali litadzaza chipinda chonse, pa sinki, pa matailosi, pa khoma, likuonetsa fumbi ndi ming'alu imene anali asanaionepo. Windo la kumeneko linalibe katani, pakuti chilowereni m'nyumbamo silinafunepo katani. Anamasula chitenje chake chakuda, anakwera pa mpando, n'kuyesa kuchikoleka pamwamba pa windolo. Panalibe msomali, panalibe ndodo. Anachipanikiza pa mng'alu wa thabwa, chinagwa. Anayesanso, chinagwanso m'sinki n'kunyowa.

Anatsika pa mpando, anakhala pansi pa matailosi otentha aja, n'kulira mokweza, akuitana mwamuna wake ndi dzina.